Khola la nkhunda zampikisano pakhomo pamene pali amphaka atatu

Wopuma Chaka Chatha

Moni nonse akuluakulu. Ndakhala ndikungowerenga zanu kwa miyezi ingapo osalankhulapo, koma lero ndabwera ndi vuto langa. Ndinapuma pantchito chaka chatha, ndipo ine ndi amayi akunyumba tinachoka m'tauni kudzakhala kumudzi, pamalo amene tinagula kalekale. Nyumba tinalowamo isanathe. Chipinda chimodzi sichinaikidwebe pulasitala, khonde lilibe denga. Amayiwo anabwera ndi amphaka awo atatu amene akhala nawo zaka zambiri. Ine kuyambira ndili mnyamata ndinkalakalaka kuweta nkhunda zampikisano, ndiye mnzanga wina atamva kuti tsopano ndili ndi malo komanso nthawi, anandipatsa maunda 6.

Ndinawaika m'kakhola ka matabwa kamene ndinakhoma mothamanga n'kukatsamiritsa kukhoma la nyumba. Lachitatu m'mawa ndinapeza nthenga pansi, limodzi mwa maundawo litafa. Mphaka wamkazi, wamng'ono pa onsewo, anapisa dzanja pa mpata wa waya. Chinandipweteka kwambiri moti tsiku limenelo chakudya sichinalowe. M'nyumba muli zii mpaka lero. Amayi akudziimba mlandu, pamene ine sindikufuna n'komwe kuti ataye amphaka awo, chifukwa ndikudziwa mmene amawachotsera kusungulumwa ana onse atachoka pakhomo. Kodi alipo pano amene amasunga zonse ziwiri? Khola lenileni ndilimange bwanji?

Wa Nkhunda Zaka 30

Pepani kwambiri achimwene. Tonse amene timaweta tinalirapo maliro otere. Zimatheka ndithu, ine ndili ndi amphaka awiri ndi nkhunda zoposa 40. Koma ndinene mosapsatira, mphakayo sanalakwe. Wachita zimene chibadwa chake chimamuuza. Cholakwika ndi khola, ndipo khola limakonzeka. Choyamba lichotseni pakhoma la nyumba. Mphaka akakwera padenga la nyumba amakhala pamwamba pa nkhunda zanu, ndipo nkhunda imene imagona ikuona maso a mphaka sikonda kwawo. Nkhunda yosakonda kwawo sithamangira kubwerera, tsono mpikisano wonse wagona pa chikondi chimenecho.

Agogo a Amphaka

Bambo, muwauze amayiwo kuti asadziimbe mlandu. Ndipo chonde musamumenye mphakayo. Sangadziwe chimene akumenyedwera, adzangoyamba kukuopani basi. Anthu ambiri amaganiza kuti mphaka wokhuta sasaka, koma si zoona. Amasaka ngakhale atangodya kumene, makamaka mbandakucha ndi chisisira. Ine anga ndimawatsekera m'nyumba nthawi ziwiri zimenezo, ndipo mbalame za pakhomo panga zili pamtendere.

Mmisiri Wakale

Za nkhunda sindidziwa zambiri, koma ndamangapo makola angapo a anzanga, ndiye ndinene za mbali yanga. Kwezani khola lichoke pansi, masentimita 50 kapena 60, pa mizati ya njerwa kapena ya konkire. Mphepo iziyenda kunsi, pansi pa khola pazikhala pouma, ndipo inu muzitha kuona ngati khoswe wayamba kukumba. Pamwamba pa mzati uliwonse ikani kachidutswa ka lata kotuluka m'mbali ngati chipewa, matabwa akhale pamwamba pake. Chiswe chikafuna kukwera chimayamba chamanga njira yake poonekera, ndiye mumachiona msanga.

Waya ndi amene wakupwetekani. Waya wa khola la nkhuku uja ali ndi maso aakulu ndiponso ndi wofewa. Gulani wowotcherera wa maso aang'ono, a mamilimita 12 kapena 13. Pamenepo dzanja la mphaka silikwana, khoswe salowa. Mukhome bwino m'makona, chifukwa ndi momwe amisiri ambiri amachitira ulesi. Chitseko chikhale pawiri, kuti mukatsegula chakunja n'kulowa muzitseka kaye musanatsegule chamkati.

Konkire wa mizatiyo sakanizani muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala yophwanya. Muzithirira madzi kwa masiku 7, asaume msanga. Mphamvu zake zenizeni zimakwana pakatha masiku 28, ndiye musafulumire kusenzetsa katundu wolemera tsiku lachiwiri.

Wopuma Chaka Chatha

Zikomo bambo Mmisiri. Ine ndimaganiza zomanga lonse la njerwa kuti likhalitse, popeza zatsala zambiri pa nyumbayi. Kodi zili ndi vuto?

Wa Nkhunda Zaka 30

Apa ndilowererepo Mmisiri asanayankhe. Mdani wamkulu wa nkhunda ndi chinyezi, kuposa mphaka ndi kabawi kuphatikiza. Khola la njerwa limasunga chinyezi ndipo limachedwa kuuma mvula ikagwa. La matabwa limapuma. Langa loyamba linali la njerwa, lokongola kwambiri, koma nkhunda zinkangodwala chimfine, maso akulengeza misozi, nthenga zosawala. Nditamanga la matabwa, nkhunda zomwezo zinasintha pasanathe miyezi iwiri. Mpweya uzilowera m'munsi kutsogolo n'kutulukira pamwamba pafupi ndi denga, koma mphepo isamawombe mwachindunji pomwe zimagona. Khomo liyang'ane kumene dzuwa la m'mawa limachokera, msana uloze kumene mvula yamphepo imachokera kwanuko. Mukalowa m'khola labwino simumva fungo lililonse. Mukamva fungo, dziwani kuti nkhundazo zalimva usiku wonse.

Mmisiri Wakale

Sindikutsutsa zonse, koma njerwa musazinyoze choncho achimwene. Khola la njerwa limachita chinyezi ngati womanga sanaike pepala lotchinga chinyezi pamwamba pa maziko, komanso ngati mawindo ali ochepa. Ndinamangapo lina la njerwa kumbuyo ndi m'mbali, kutsogolo konse waya, mpaka lero lili gwa ndipo mwini wake sadandaula. Matabwa nawo ali ndi zawo, chiswe ndi kuola. Koma poti bambowa akufuna kumanga okha ndi manja awo, matabwa ndi opepuka kwa munthu wamkulu. Njerwazo asungire khonde. Chimodzi chokha, musapake oyilo wakuda wa galimoto mkati poteteza chiswe. Fungo lake ndi loipa kwa mbalame.

Namwino Wopuma

Ndikupempha mundimvere bwino pa ichi, chifukwa ndinachiona kuntchito. Pali matenda a m'mapapo amene amagwira anthu oweta nkhunda. Amayamba chifukwa chopuma fumbi loyera lija la m'nthenga ndi la zitosi zouma. Si onse amadwala, koma amene thupi lawo limadana nalo amayamba kutsokomola, kubanika, kumva kuzizira ndi kuphwanya m'thupi pakadutsa maola angapo atachoka m'khola. Ambiri amangoti ndi chimfine kapena ukalamba, zaka n'kumapita, mapapo n'kumauma pang'onopang'ono, ndipo akauma sabwereranso. Valani chotchinga pakamwa ndi mphuno chenicheni chotchinga fumbi mukamapala zitosi. Khalani ndi chovala chapadera cha kukhola ndi chipewa, zisamalowe m'nyumba. Mukapita kuchipatala ndi chifuwa, auzeni adokotala kuti mumaweta nkhunda, musadikire kuti akufunseni. Ichi ndi chifukwa chinanso chochotsera khola pakhoma la nyumba yogona.

Mayi Olera Maunda

Amayi anamwino anena zoona. Ine nkhunda sindinazisankhe, anandisiyira ndi malemu bambo akunyumba. Iwo anapuma pantchito n'kukhala nazo zaka 9. Ndinkadandaula kuti amathera nthawi yambiri kukhola kuposa ndi ine. Atamwalira, anthu anabwera kudzazigula, ndipo ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma m'mawa wa tsiku lomwe amabwera kudzatenga ndinapita kukazipatsa chakudya komaliza, ndinagwedeza chitini cha chimanga monga ankachitira iwo, zonse zinatsika n'kundizungulira. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira. Sindinagulitse ngakhale imodzi.

Chimene ndikufuna kukuuzani bambo n'chakuti awatengeni amayiwo muzipita nawo kukhola. Musalole kuti pakhomo pakhale ziweto za bambo ndi ziweto za mayi. Ine ndinaphunzira zonse mochedwa, ndekha, kuchokera m'kabuku kamene iwo ankalembamo nambala za mphete zoveka nkhunda kumwendo ndi masiku oswa. Ndikanakonda akanandiphunzitsa ndi pakamwa pawo. Lero ndimadziwa kuti thadzi limaikira mazira awiri, lachiwiri pakadutsa pafupifupi masiku awiri, ndipo amaswa pakatha masiku 18. Tambala amafungatira masana, thadzi kuyambira madzulo mpaka m'mawa. Onse awiri amatulutsa mkaka wa m'chithokomiro wodyetsa ana masiku oyambirira. Mphete ndimaveka mwana ali ndi masiku 6 kapena 7, mukachedwa phazi limakula ndipo silowanso. Zinthu zimenezi zimandidzutsa m'mawa uliwonse. Pakanapanda izo sindikudziwa kuti ndikanadzukiranji chaka choyamba chija.

Agogo a Amphaka

Achemwali, mwandigwetsa misozi. Kwa ine ndi amphakawa. Wamkulu ali ndi zaka 16, mano anatha, koma amadziwa nthawi imene ndimamwa mankhwala kuposa wotchi.

Wopuma Chaka Chatha

Mayi, ndawawerengera amayi akunyumba uthenga wanu mokweza. Atha kumva anangonyamuka n'kupita kukayang'ana maunda asanu otsalawo. Aka n'koyamba chichitikireni ngoziyo. Zikomo.

Tagwirizana kuti khola likhala la matabwa, pa mizati, kutali ndi nyumba mamita 15, pamalo opanda mtengo pafupi. Ndiyamba kukumba mawa.

Wa Nkhunda Zaka 30

Mwachita bwino za mtengo. Nkhunda ikazolowera kutera mumtengo kapena padenga la nyumba m'malo molowa m'khola, pa mpikisano mudzataya mphindi zambiri mukuiyang'ana ili phee pamwamba. Nthawi imawerengedwa ikalowa, osati ikafika m'mudzi. Koma fulumirani achimwene. Maunda anuwo ali pa msinkhu woloweza kwawo. Asayambe kuuluka ali m'kakhola kakaleko. Asungeni motsekera mpaka latsopano lithe, kenaka muwaike m'kakhola ka waya pa thabwa loterapo kwa masiku angapo kuti aziona dera lonse. Tsiku loyamba kuwatsegulira likhale madzulo kopanda mphepo, ali ndi njala, amphaka onse ali m'nyumba. Musawathamangitse kuti auluke. Asiyeni atuluke okha, ayendeyende padenga, kenaka gwedezani chitini alowe adye. Chitini ndi mluzu zikhale zomwezo tsiku lililonse.

Mdzukulu Wachidwi

Pepani agogo nonse, ine ndine wamng'ono pano, ndimawerengera agogo anga amene maso anavuta. Iwo akufunsa kuti kodi nkhunda imadziwa bwanji njira yakwawo ikasiyidwa kumalo komwe sinafikeko? Komanso wopambana amadziwika bwanji poti makola ali m'malo osiyanasiyana?

Mphunzitsi Wopuma

Funso labwino mdzukulu, uwapatse moni agogowo. Nkhunda ili ndi zida zingapo. Imagwiritsa ntchito dzuwa ngati kampasi, mothandizidwa ndi wotchi ya m'thupi mwake imene imaiuza kuti nthawi ino dzuwa liyenera kukhala pati. Imamvanso mphamvu ya maginito ya dziko lapansi. M'zaka za m'ma 1970, katswiri wa ku Italy dzina lake Floriano Papi ndi anzake a ku Pisa anaonetsa kuti nkhunda zimene sizikutha kununkhiza zimavutika kupeza kwawo zikasiyidwa kumalo achilendo, kutanthauza kuti fungo lobwera ndi mphepo limazithandiza kudziwa komwe zili. Ndiye mu 2004 akatswiri a ku Oxford, ku England, atazimangirira tizipangizo tolondola njira, anapeza kuti zikafika kudera lomwe zikulidziwa zimatsata misewu ikuluikulu, mpaka kukhota pomwe msewu wakhota.

Za wopambana, amayeza mtunda kuchokera pamalo otulutsira mpaka pakhola la munthu aliyense, n'kugawa ndi nthawi imene nkhunda yatenga. Imene yauluka mamita ambiri pa mphindi imodzi ndiyo yapambana, ngakhale itafika mochedwa kuposa ya mnzako wokhala pafupi. Kale ankaiveka kamphete ka labala, ikafika mwini wake n'kukavula kukaponya mu wotchi yosindikiza nthawi. Masiku ano ambiri amaveka mphete ya kachipangizo kamene kamalemba nthawi kokha nkhunda ikaponda pakhomo la khola.

Masewerawa monga tikuwadziwira lero anakulira ku Belgium m'zaka za m'ma 1800, ndipo mpaka pano nkhunda zotchuka zimachokera kumeneko. Pa mpikisano woyambira ku Barcelona, m'dziko la Spain, nkhunda za ku Belgium ndi Netherlands zimauluka makilomita oposa 1,000. Mu 2020 thadzi lina la ku Belgium lotchedwa New Kim linagulidwa pa mayuro 1.6 miliyoni ndi munthu wa ku China.

Koma poti nkhani yathu ndi ya mphaka ndi nkhunda, imene ndimaikonda ndi iyi. Ku Britain kuli mendulo yotchedwa Dickin imene inakhazikitsidwa mu 1943 yolemekeza nyama zothandiza pankhondo. Nkhunda 32 zinalandira. Imodzi ndi G.I. Joe, imene mu October 1943 inauluka makilomita pafupifupi 32 pa mphindi 20 ndi uthenga woletsa ndege kuphulitsa mudzi wa Calvi Vecchia ku Italy, momwe asilikali a Britain anali atalowamo kale. Mphaka amene analandira menduloyo ndi mmodzi yekha, Simon, wa pa sitima yankhondo ya HMS Amethyst mu 1949. Ntchito yake inali yopha makoswe amene ankawononga chakudya cha m'sitimamo, iye ali wovulala.

Agogo a Amphaka

Aphunzitsi, ya Simon sindinkaidziwa, ndakondwa nayo. Ndipo yandikumbutsa chinthu. Bambo Wopuma, amphaka a amayiwo adzakuthandizani. Pomwe pali chakudya cha nkhunda makoswe amabwera, ndipo makoswe amabweretsa matenda ndi njoka. Pakhomo pokhala amphaka atatu khoswe amaganiza kawiri.

Wa Nkhunda Zaka 30

Apo n'zoona agogo. Matenda aja otupitsa mfundo za mapiko ndi kupha ana m'mazira, a salmonella, makoswe amawafalitsa akamayenda m'chakudya. Komabe chakudya chizikhala mu mgolo wachitsulo wotseka, ndipo musasiye chotsala m'khola usiku. Nkhunda imodzi imadya pafupifupi magalamu 30 kapena 35 patsiku, chimanga chosakaniza ndi nandolo kapena nsawawa zouma, tirigu ndi mapira. Timiyala togayira chakudya m'nthutumba tisasowe. Madzi atsopano tsiku lililonse.

Wokonda Mbalame Zakutchire

Ine ndili ndi maganizo ena, mundikhululukire. Mukukamba zoteteza nkhunda zisanu, nanga mbalame zakutchire zimene amphaka atatuwo akupha tsiku ndi tsiku? Zimenezo zilibe khola la waya. Mphaka woweta ayenera kukhala m'nyumba basi. Ndiponso mpikisano wa nkhundawu, zingati zimene zimatayika panjira, kugwidwa ndi mphamba, kugunda mawaya a magetsi, kufa ndi ludzu? Tizinena zonse.

Agogo a Amphaka

Simunalakwe kufunsa bambo. Amphaka amapha mbalame, sindingakane. Koma mphaka amene wakula akuyenda panja, kumutsekera m'nyumba usana ndi usiku amavutika, amayamba kukodza paliponse ndi kudzizula ubweya. Njira yapakati ilipo. Atsekeredwe kuyambira chisisira mpaka dzuwa litakwera, avale kabelu pa lamba wa m'khosi amene amamasuka yekha akakodwa, ndipo chachikulu, athenedwe ndi kutsekedwa kuti asachulukane. Mphaka wamkazi atha kutenga bere ali ndi miyezi inayi yokha, bere lake ndi la masiku pafupifupi 65, ndipo amabereka kangapo pachaka. Amphaka amene amatha mbalame kwambiri ndi osowa mwini aja, obadwa chifukwa wina sanasamale.

Mayi Olera Maunda

Za kutayika, funso lanu ndi lolemera ndipo ine limandivutitsa. Zimatayikadi. Chifukwa chake ine sinditumiza nkhunda ku mitunda italiitali, ndipo kukatentha kwambiri kapena kukachita chifunga sindiziika n'komwe m'dengu lonyamulira nkhunda kupita nazo kozitulutsira. Amene amatumiza nkhunda yosaphunzitsidwa, kapena yomwe ikuthothoka nthenga zikuluzikulu za kumapiko, ameneyo ndi wankhanza ngakhale atapambana. Koma nkhunda yathanzi muione mmene imachitira khomo likatseguka m'mawa. Palibe amene amaikakamiza kuzungulira kumwamba ola lathunthu.

Wokonda Mbalame Zakutchire

Ndamva amayi. Sindinasinthe maganizo onse, koma za kutsekera amphaka usiku ndi kuwathena tikugwirizana. Ndingopempha kuti mphamba ndi kabawi musawathire poizoni. Nawonso akudyetsa ana awo.

Mmisiri Wakale

Pa nkhani ya amphakayi, bambo Wopuma munati khonde lanu lilibe denga. Bwanji osalimaliza n'kutchinga mbali imodzi ndi waya yemweyo? Muike mashelefu a matabwa okwera mosiyana, chipika chonolerapo zikhadabo, ndi kabowo kotulukira kuchokera pawindo. Nthawi imene nkhunda zili panja, amphaka azikhala mmenemo akuwothera dzuwa, amayi ali nawo pampando. Kumbukirani kuti mphaka amadumpha mita imodzi ndi theka ataima chiimire, ndiye waya afike mpaka kudenga.

Ndipo poti mukumanga nyumba yokalambiramo, ndinene zimene ndimauza aliyense. Pakhomo limodzi pasakhale masitepe, pakhale potsetsereka, kukwera sentimita imodzi pa masentimita 12 alionse. Zitseko zikhale zotambalala masentimita 90. Kubafa musaike matailosi oterera, ndipo zitsulo zogwirira zikhomedwe pano khoma lisanapakidwe. Lero mukuyenda bwino, koma nyumbayi mudzakhalamo ndi pa zaka 80. Njira yopita kukhola nayonso ikhale yosalala, chifukwa mudzaiyenda kawiri patsiku, mvula kaya dzuwa.

Za denga, musakwere nokha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pano ndikunena denga lenileni. Makwerero akhale ndi wogwira pansi, ndipo phazi lake litalikire khoma mita imodzi pa mamita anayi alionse okwera. Ndaikapo m'manda anzanga awiri amene anagwira ntchito zaka 40 osavulala, n'kudzagwa pa nyumba zawo atapuma.

Namwino Wopuma

Bambo Mmisiri, mawu amenewo abwerezedwe. Fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu wathu, ambiri sabwereranso mwakale. Ndionjezepo za amphaka, popeza m'nyumba za okalamba mankhwala amakhala mbwee. Paracetamol amapha mphaka, ngakhale kachidutswa. Mankhwala a nthata a agalu okhala ndi permethrin nawonso amapha mphaka. Ndipo mankhwala ena opopera m'khola la mbalame ali ndi permethrin yemweyo, ndiye werengani pa botolo, amphaka asayandikire mpaka pataumiratu. Katemera wa chiwewe asaiwalike.

Wopuma Chaka Chatha

Ndabweranso patapita nthawi, ndikuuzeni momwe zayendera. Khola linatha. Ndi la mamita atatu m'litali, awiri m'lifupi, lokwanira kuimirira ine osawerama koma losatalika moti nkhunda n'kundithawa pamwamba. Mizati ndinaumba ndekha. Pa denga ndinamvera bambo Mmisiri, ndinaitana anyamata awiri ine n'kumangopatsira malata ndili pansi. Sizinayende zonse bwino. Amene ndinamutuma matabwa anabweretsa aawisi, ndipo atauma anasiya mipata yolowa chala, ndiye ndinachita kukhomanso timatabwa tating'ono pa mpata uliwonse. Zinanditengera masiku anayi owonjezera, koma ndaphunzira kugogoda thabwa ndi kuliyeza kulemera ndisanalandire.

Khonde la amphaka amayi analikonza okha mkati, anasoka timapilo ta pa mashelefu. Wamkazi uja masiku awiri oyamba analira kwambiri, pano akangomva ndikutsegula mgolo wa chakudya cha nkhunda amalowa yekha n'kukakhala pa shelefu yapamwamba. Onse atatu tinapita nawo kwa dokotala wa ziweto, ndipo maunda analandira katemera wa matenda a nkhunda otchedwa paramyxovirus monga anandilangizira a Nkhunda Zaka 30 kumbali.

Maunda akhala akuuluka mozungulira pakhomo kwa milungu isanu, nthawi zina kusowa ola lathunthu. Dzulo ndinawatenga m'dengu koyamba, makilomita atatu okha. Amayi anatsala pakhola ndi chitini. Ndisanafike n'komwe anandiimbira foni, mawu akunjenjemera, kuti anayi alowa. Lotsalalo, lotuwa lokhala ndi nthenga yoyera kuphiko, silinabwere. Tinakhala panja mpaka mdima. Usiku sindinagone, ndipo ndinamva amayi nawo akutembenuka. M'mawa uno ndikutuluka ndi madzi ndalipeza lili pa thabwa loterapo, nthenga ziwiri za kumchira palibe, koma lamoyo. Amayi ndi amene analigwira n'kulilowetsa.

Wa Nkhunda Zaka 30

Limenelo lakumana ndi mphamba ndipo lapulumuka, lagona kunja n'kupeza njira lokha. Lisungeni bwino achimwene, nthawi zambiri zotere ndi zimene zimadzakhala nkhunda zenizeni. Lipatseni madzi kaye, chakudya chopepuka pang'ono, lipume masiku atatu kapena anayi. Liyang'aneni pansi pa mapiko ndi pachifuwa ngati pali bala. Nthenga zozuka zimamera pakatha milungu ingapo, zothyoka ndi zimene zimadikira nyengo yothothoka. Enawo abwerezeni pamalo omwewo kawiri kapena katatu musanaonjeze mtunda, kenaka makilomita 5, 10, 20, osalumpha. Ndipo musinthe nthawi yowatulutsira, chifukwa mphamba akaloweza ola amadzadikirira.

Mayi Olera Maunda

Ndasangalala ngati nkhundazo ndi zanga. Gulani kabuku lero lomwe, mulembe tsiku, mtunda, mmene kunja kunaliri ndi nthawi imene lililonse linalowa. Amayiwo ndi amene azilemba, poti ndi amene amakhala pakhola inu muli kumsewu.

Wopuma Chaka Chatha

Kabuku kagulidwa kale mayi, ndipo tsamba loyamba ladzaza ndi dzanja lawo. Bala ndayang'ana, pali kokalika pang'ono pamsana, ndatsuka ndi madzi a mchere. Bambo Mmisiri, ndikufuna kuika ngalande pa denga la khola ndi la khonde kuti ndizikolola madzi a mvula osambitsira nkhunda ndi kuthirira mbewu. Denga la khonde ndi mamita 6 kwa 3. Thanki yake ikhale yaikulu bwanji?

Mmisiri Wakale

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ya denga imapereka lita imodzi. Khonde lanu ndi masikweya mita 18, ndiye mvula ya mamilimita 20 ikupatsani malita 360, kuchotsapo pang'ono otayika. Thanki ya malita 1,000 idzadzaza ndi mvula zitatu zabwino. Ikhale pa chikhazikitso cholimba, chifukwa malita 1,000 ndi tani imodzi, ndipo ikhale yotseka kuti udzudzu usaswanemo komanso mphaka asagweremo. Madzi a padenga la khola musawasakanize ndi amenewo. Nkhunda zimachita zitosi pamenepo, ndiye amenewo apite ku mitengo basi. Munditumizire chithunzi cha mbali yomwe khonde latsetserekera ndikuuzeni poika paipi.